Choonadi Chomwe Ndinasungira Tsiku la Mwambo

1

Ku Mulgara, ngati mukufuna kuti mwambo wa mpingo uyambe pa nthawi yake n'kutha anthu asanayambe kuyasamula, mumaitana ine. Sikudzitama ayi, funsani aliyense. Dzina langa ndine Glenys Tregonning, ndatsala chaka chimodzi kuti ndikwanitse zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo makiyi a holo ya tchalitchi chathu anakhala m'chikwama changa kwa zaka zoposa makumi awiri. Maluwa a kuguwa ndine, masikono a pa tiyi ndine, mapulogalamu ndine. Banja sindinalowepo, ndiye nthawi yolongosola miyoyo ya anzanga ndinali nayo yambiri.

Abusa athu atsopano, a Tevita Fifita ochokera ku Tonga, atanena kuti mpingo ukhale ndi komiti ya choonadi ndi chiyanjano pakati pa ife azungu ndi Aaborijini, ulembi unagwera ine popanda ngakhale kukweza manja. Wapampando anali a Des Pascoe, mkulu wa mpingo amene anakalambira pa ntchito yometa nkhosa. Khutu lawo lakumanzere linagontha kalekale, ndipo anali ndi luso lolozetsa khutu limenelo kwa aliyense wonena zosawakomera.

Mwa eni nthaka, amene anavomera kukhala nafe anali mmodzi yekha, Hazel Merrick. Tauni yonse imamutchula Anti Hazel, ngakhale apolisi omwe. Ine ndimangoti Hazel, chifukwa tinabadwira pa famu imodzi ya nkhosa, ine m'nyumba yaikulu ya bambo anga, iye kumsasa wa antchito m'mbali mwa mtsinje. Ndimamuposa ndi chaka chimodzi. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri a boma anamutenga n'kupita naye ku mishoni ya kumwera, monga ankachitira ndi ana a khungu loyererako. Anabwerera kuno ali mayi wa ana atatu, amayi ake atagona kale m'manda.

Komiti inagwirizana zokhoma chikwangwani chamkuwa pakhoma la tchalitchi pa Lamulungu la Chiyanjano, kumayambiriro kwa Juni. Misonkhano inayi yathunthu inathera pa mawu oti alembedwepo. A Des ankati mawu oti "tikupepesa" ndi olemera kwambiri poti iwo sanatengepo mwana wa munthu, bola "tikumva chisoni". Abusa ankapempha Mzimu kuti utitsogolere. Hazel ankangodya sikono yake n'kumatiyang'ana.

"Lembani zomwe zingakwane pa chitsulocho," anatero tsiku lina. "Ine maso anatha kale, sindidzawerenga."

Tonse tinaseka, ine kuposa onse. Pa msonkhano wachisanu Hazel anabwera ndi envelopu yaikulu ya khaki, n'kukankhira kumbali mbale ya masikono kuti apeze poiika.

2

Munali mapepala a boma okhudza iyeyo, omwe anavutikira zaka zitatu kuti amupatse.

"Paja mukuti mukufuna zoona," anatero. "Zanga ndi izi, koma zili ndi bowo."

Anatiuza zomwe ife obadwira kuno timazidziwa koma sitizinena. Amayi ake, a Nellie, m'mawa uliwonse ankasinja makala, kuwasakaniza ndi mafuta a nkhosa, n'kumupaka thupi lonse mpaka kuseri kwa makutu, kuti wa boma akabwera aone mwana wakuda ngati anzake n'kudutsa. Njirayi inagwira ntchito zaka zitatu. Kawiri konse wa boma anaima pamsasapo, kuwerenga ana, n'kubwerera chimanjamanja. Ulendo wachitatu, mu 1957, anadya nkhomaliro m'nyumba mwathu, ndipo atatuluka sanafunse munthu njira. Analunjika kwa Hazel, m'manja muli mpango wonyowa.

Hazel anatsegula tsamba lina n'kupatsa abusa kuti awerenge. Linkati mwanayo anadziwika chifukwa cha uthenga wochokera kwa munthu wa pa famupo. Dzina la munthuyo a boma analifufuta ndi inki yakuda asanatumize mapepalawo. Abusa analozetsa tsambalo ku windo, kulitembenuza uku ndi uku, koma sipanaoneke kanthu.

Kwa a Nellie nkhaniyi sinkafuna pepala. Tsiku limenelo munthu wa kumsasa amene anali m'nyumba ya abwana anali mmodzi, mng'ono wawo wobadwa naye bere limodzi, a Queenie, amene pa nthawiyo anali mtsikana wogwira ntchito kukhitchini kwathu. A Nellie anawatema ndi ndodo pamutu anthu onse akuona, n'kuwalumbirira kuti asadzakhalenso pamoto pawo. A Queenie anangoti si iwo. Atafunsidwa kuti nanga ndani, anatseka pakamwa, ndipo kutseka pakamwako abale anakutenga ngati kuvomera. Kuyambira pamenepo ankadya okha. Ana obadwa pambuyo pake anakula osamva dzina lawo likutchulidwa, kupatula potukwana. Tsopano anali kunyumba yosungirako okalamba kumapeto kwa tauni, mtima wawo ukugunda mwa apo ndi apo.

Abusa anafunsa ngati Hazel anapitako kukawaona. Anapukusa mutu. Anati chibwerereni kuno, zaka zoposa makumi atatu, akawaona m'sitolo amatembenuka n'kumawerenga mitengo ya sopo, chifukwa amayi ake anamwalira atasiya mawu amenewo ndipo mawu a womwalira sumangowataya.

"Koma mtima wanga sukhala pansi," anatero. "Ndi mayi anga aang'ono amenewo, anandiberekapo kumbuyo. Chitsulo chanucho khomani, ine sindiletsa. Ine ndikungofuna munthu andiuze amene anatsina khutu wa boma uja, iwowo asanatisiye. Ngati ndi iwo, basi, ndadziwa. Ngati si iwo…"

A Des anakanda khutu lawo logontha lija. Ine ndinawerama n'kulemba m'buku la komiti kuti Anti Hazel anafotokoza mbiri yawo ndipo komiti inathokoza. Ndinalemba mwaukhondo ngati masiku onse, ngakhale ndinkadziwa bwino dzina lomwe linali pansi pa inkiyo.

3

Lachinayi lotsatira linali tsiku langa lokayendera okalamba m'dzina la mpingo. Kwa zaka zonsezi ndinkakonza ndandanda ya oyendera ndine ndemwe, ndipo chipinda cha a Queenie nthawi zonse chinkagwera munthu wina. Tsiku limeneli ndinalowamo.

Ndinawapeza atakhala pa chikuku pafupi ndi windo, atafunda bulangeti la ubweya m'miyendo. Anali atachepa thupi kwambiri. Chipsera cha ndodo ija chinkaonekabe pamphumi, pomwe tsitsi linayoyoka. Maso awo anali atachita ng'ala, koma nditangopereka moni anatembenuza mutu.

"Dona wamng'ono," anatero. "Mayendedwe ndi a amayi ako enieni. Wandibweretsera nyimbo kapena wandibweretsera Hazel?"

Ndinati ndabweretsa masikono. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti masikonowo anandiphunzitsa ndi iwo, ndipo amva kuti mpaka lero ndimachulutsa soda. Tinacheza za famu, za galu wathu wakale, za chaka chomwe mtsinje unasefukira n'kukokolola khola. Ndinayamba kumasuka. Kenako anandigwira pamkono ndi zala zozizira.

"Glenys, katundu wako ndamusenza nthawi yaitali. Khosi latopa, mwanawe. Sindikufuna zambiri. Hazel angobwera, akhale apa pomwe wakhala iwepa, andipatse madzi akumwa."

Ndinawalonjeza kuti ndikonza. Ndipo Mulungu ndi mboni, ndinatuluka m'chipindamo nditatsimikiza mtima kuti ndinena.

Koma pofika kunyumba, Glenys wamapulogalamu uja anali atadzuka. Ndinadziuza kuti nkhani yaikulu chonchi siyonenera pakhonde ngati miseche. Iyenera kunenedwa pamaso pa Mulungu ndi anthu, kuti a Queenie ayeretsedwe poyera monga ananyozedwera poyera. Lamulungu la Chiyanjano linali litatsala masabata atatu okha. Ndinatsegula pulogalamu n'kuwonjezera ndime yachisanu ndi chiwiri, pakati pa nyimbo yachiwiri ndi kuvundukula chikwangwani: umboni wa mkhristu mmodzi, mphindi zisanu. Ndinaimbira foni kunyumba ya okalamba kuti atisungire minibasi yawo yonyamula chikuku. M'maganizo mwanga ndinkaona kale Hazel akudzuka pampando, kuyenda pakati pa mabenchi, kukagwada pamaso pa mayi ake aang'ono, mpingo wonse ukupukuta misozi. Ndinaganiziranso pomwe wojambula adzaime.

Mawu oti ndidzalankhule ndinawalemba kanayi. Ulendo uliwonse ankatuluka okoma kuposa poyamba.

4

Patapita sabata, ine ndi Hazel tinali awiri m'holo kupachika zithunzi zakale za kumsasa zoti anthu adzaone pa tsikulo. Pakhomo ndinali nditamata kale chenjezo lomwe ndinataipa ndekha pa makina, loti muno muli zithunzi ndi maina a anthu omwe anatisiya. Zoterezi sindilakwitsa.

Hazel anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha khonde la nyumba yathu. Osandiyang'ana, anafunsa: "Iwe Glenys, tsiku lija unali m'nyumbamo. Palibe chomwe ukukumbuka? Ngakhale kakang'ono?"

Ndinali ndi timisomali pakamwa. Ndinatichotsa kamodzikamodzi kuti ndipeze nthawi.

"Ndinali mwana, Hazel," ndinatero. "Koma usadzajombe Lamulungu lija. Ukhale kutsogolo."

"Kutsogolo kumazizira, chitseko chija sichitsekeka," anayankha, n'kundipatsa chithunzi china.

Patsala masiku asanu ndi anayi kuti mwambo uchitike, foni inalira ndili kusita nsalu ya paguwa. Anali namwino wa kunyumba ya okalamba. Anati akufuna andidziwitse kuti minibasi ija sidzafunikanso, gogo uja watisiya m'mawa womwewo atangomaliza kumwa tiyi. Anafunsanso ngati ndikudziwa wachibale woti amuuze, chifukwa pa fomu yawo malo olemba wachibale anali opanda kanthu. Ndinapsereza nsaluyo.

Maliro anachitika Lachisanu, kuli kamphepo kozizira. Ife kuno tinazolowera maliro a eni nthaka odzaza tauni, magalimoto kuchokera ku Meekatharra mpaka ku Carnarvon, misasa ya olira kwa masabata. Pa maliro awa tinalipo anthu khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo abusa ndi anamwino awiri. Abale ochepa omwe anabwera anachita zonse zomwe mwambo umafuna. Poti kwa eni nthaka kutchula dzina la amene wangomwalira n'koletsedwa, dzina la malemu linali litagona, palibe analitchulanso, ankangoti "mayi uja", ndipo abusa anali atauzidwiratu kuti nawonso atero. Hazel anabwera mochedwa. Anaima kumpanda wa manda, manja atapinda pachifuwa, maso ali gwa. Bokosi likutsika anatembenuka n'kumapita.

Ine ndinali nditabweretsa masangweji a anthu makumi anayi. Ambiri ndinabwerera nawo.

5

Tsopano ndikuuzeni zomwe ndakhala ndikuzizungulira.

Ine ndi Hazel tinkasewera limodzi mobisa. Amayi ankandiletsa kupita kumsasa, koma kumunsi kwa khola kunali dziwe lomwe silinkauma, ndipo masana kukatentha tinkakumana kumeneko. Tsiku loyamba kusambira naye ndinaona madzi akuda akutsika m'mapewa mwake, khungu lofiirira likutuluka pansi. Anachita mantha kwambiri. Anandigwira chala n'kundilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu, chifukwa galimoto ya boma idzamutenga. Ndinalumbira. Ndinkadziwa bwinobwino tanthauzo la galimoto imeneyo, mwana aliyense pa famupo ankalidziwa.

Bambo anga anali munthu wouma mtima. Sindikumbuka atandinyamulapo. Koma m'mawa wina ndili pamwamba pa thanki ya madzi, ndinawaona akubwera kuchokera kumtsinje pa hatchi yawo, Hazel atamukhazika kutsogolo kwa chishalo, dzanja lawo lili pamimba pake kuti asagwe. Ankamuimbira kanyimbo. Atayandikira khola anamutsitsa, kumusisita kumutu, n'kupukuta dzanjalo pa buluku. Chifukwa chake sindinkachimvetsa pa nthawiyo, ngakhale amayi ankachidziwa, ndipo kumsasa konse ankachidziwa. Chomwe ndinamva ine ndi nsanje basi, nsanje yowawa yomwe sinandichoke masiku atatu.

Tsiku lachitatu wa boma anabwera. Tinakhala pa tebulo, nyama ya nkhosa ndi mbatata. Iye ankadandaula kuti wayenda ulendo wautali pachabe, pamsasa pathu palibe mwana woti atenge. Bambo anati n'zoona, palibe, n'kumuwonjezera nyama.

Palibe anandifunsa kanthu. Ndinaika foloko pansi n'kunena mokweza, ndi mawu aulemu omwe amayi anandiphunzitsa: "Hazel si wakuda. Amapaka makala. Mukamupukuta amachoka."

Ndinanena ndikuyang'ana bambo. Nkhope yawo inayera, koma sanatsutse, chifukwa kutsutsa kukanafuna kuti afotokoze chifukwa chomwe zikuwakhudzira. Amayi anapitiriza kudula nyama yawo. Wa boma anatenga mpango wa patebulo n'kuuviika m'jagi ya madzi.

Pakhomo lolowera kukhitchini panaima a Queenie, mbale ya kasitadi ili m'manja. Anamva zonse. Akanati anene kumsasa kuti ndi mwana wa abwana, a Nellie akanabwera kunyumba yaikulu ndi ndodo ija, ndipo pofika mawa lake msasa wonse ukanathamangitsidwa pa nthaka ya makolo awo, poti masiku amenewo zinkatero. Choncho anatseka pakamwa. Anagwira ntchito kwathu zaka zina khumi ndi chimodzi, akundiluka tsitsi m'mawa uliwonse.

6

Lamulungu la Chiyanjano tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima kumbuyo. Abale a Hazel anadzaza mabenchi anayi akumanzere, ambiri mwa iwo kulowa koyamba m'tchalitchi chathu. Hazel anakhala kutsogolo atavala jekete lalikulu. Mwambo unayamba pa nthawi yake.

Maganizo ochotsa ndime yachisanu ndi chiwiri anandibwerera, koma mapulogalamu anali atasindikizidwa kale. Nyimbo yachiwiri itatha ndinakwera kuguwa ndi pepala langa, lija lachinayi. Sindinasinthemo ngakhale liwu limodzi kuchokera pomwe ndinalilemba mayi uja ali moyo, chifukwa ndinkaopa kuti ndikaligwiranso ndilimba mtima wolitaya.

Ndinawerenga za dziwe, za makala, za nkhomaliro ija. Kenako ndinafika pa ndime yomwe ndinkainyadira kwambiri, yomwe ndinaikonza kuti ndidzaiwerenge nditatembenukira ku chikuku. Ndinatchula dzina la malemu, lonse lathunthu, n'kunena kuti alibe mlandu. Ndinalitchulanso kachiwiri n'kupempha kuti andikhululukire. Kachitatu ndinalitchula mokweza, n'kunena kuti dzina limeneli lisabisidwenso, lizitchulidwa m'tauni muno ndi ulemu.

Munthu anali atagona m'manda masiku awiri okha.

Pa kutchula koyamba mitu ya kumanzere inawerama. Pa kwachiwiri gogo wina anaphimba makutu ndi manja n'kuyamba kulira chapansipansi, kulira kwa pamaliro komwe sikunamveke Lachisanu lija. Pa kwachitatu benchi yoyamba inadzuka, kenako yachiwiri, akutuluka mwakachetechete atagwira ana pamkono. Ine amene ndinabadwira kuno, amene ndinataipa chenjezo la pakhomo ndi zala zanga, ndinazindikira zomwe ndachita mawu atatuluka kale. Zaka makumi asanu ndi limodzi dzinalo silinkatchulidwa chifukwa cha mlandu wanga. Pa sabata yokhayo yomwe ankalisunga chifukwa cha ulemu, ndinabwera ine kudzalifuula paguwa. Ngakhale dzina la Queenie lomwe ndalemba munomu si lawo lenileni, phunzirolo ndinalimva ngakhale mochedwa.

Mbali ya kumanja sinaone cholakwika. Ankaganiza kuti anzathuwo atuluka chifukwa chokhudzidwa. Amayi a kwaya ankalira, wina anayambitsa kuomba m'manja, ndipo a Des anandikumbatira ndikutsika, n'kunena kuti m'moyo wawo sanaonepo kulimba mtima kotere. Abusa okha ndiwo anali atagwira kumaso. Chikwangwani chinavundukulidwa mabenchi anayi ali opanda munthu.

7

Hazel ndinamupeza kuseri kwa holo, atakhala pa sitepe pafupi ndi mpopi. Sankalira. Ndinaima patsogolo pake, pepala lija lidakali m'manja.

"Unadziwa liti kuti unena?" anafunsa.

Ndinamuuza zoona, kuti panali patapita masabata atatu, tsiku lomwe ndinakaona mayi uja. Anafunsa zomwe ananena. Ndinamuuzanso, za madzi akumwa zija.

"Ndiye tsiku lija la zithunzi unali ukudziwa kale kuti akundiitana."

"Ndinkafuna zichitike bwino, Hazel. Pamaso pa anthu onse."

"Zachitika bwino," anatero. "Mwayamba pa nthawi yake." Anapukuta mphuno ndi kumanja kwa jekete. "Za mwana wa zaka eyiti zija, Glenys, ndikanakukhululukira ngakhale lero lomwe. Ana amalankhula. Koma Lachisanu ndinaima kumpanda ngati mlendo. Mayi anga akutsikira m'dzenje, ine ndikudzilimbitsa kuti ndisagwetse msozi chifukwa cha munthu amene anandigulitsa. Iwe uli pomwepo ndi masangweji ako. Amene anachita zimenezo si mwana wa zaka eyiti."

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, n'kuloza pepala langa ndi chibwano.

"Ndipo za bambo athu wazisiya."

Zinali zoona. Za hatchi zinalimo m'pepala loyamba ndi lachiwiri. Polemba lachitatu ndinaona kuti zikutalikitsa nkhani kupitirira mphindi zisanu, komanso dzina la bambo lili pa windo la magalasi okongola la kumbuyo kwa guwa. Aka kanali koyamba kumva munthu akunena "bambo athu" kwa ine, amene ndinakula ndikudzitcha mwana mmodzi yekha. Anazinena ngati akunena za nyengo, n'kunyamuka kutsatira abale ake.

Papita chaka tsopano. Nkhani ya umboni wanga inatuluka m'kalata ya mpingo ya chigawo chonse, ndi chithunzi changa nditaima pambali pa chikwangwani. Mipingo isanu ndi iwiri yandiitana kuti ndikalankhule za kulimba mtima ponena zoona, wina wa ku Perth unalonjeza ndi malo ogona omwe. Hazel palibe wamuitana. Ndakana konse, ndipo kukanako akuti ndi kudzichepetsa. Ulembi wa komiti ndinatula, makiyi a holo ndinabweza. Hazel tikakumana m'sitolo amandipatsa moni, sandizemba. Ana ake anakonza manda aja, anaikapo mwala ndi maluwa, ndipo ndimamva kuti iye amapitako Loweruka lililonse ndi botolo la madzi.

Inu amene mukuwerenga, sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni, oterowo ndili nawo kale ochuluka kuposa omwe ndikuyenera. Sindikunenanso kuti makomiti ndi zikwangwani n'zachabe, poti pakanapanda komiti ija envelopu ya Hazel sikanafika pa tebulo. Ndikungoti ngati muli ndi mawu omwe munthu wina akuwadikira, ndipo mwayamba kuganiza za tsiku labwino lowanenera, malo oyenera, ndi anthu oti adzakhalepo, dzifunseni kuti mwambowo mukukonzera ndani. Ine ndinkati ndikukonzera mayi uja. Ndinkakonzera Glenys, kuti ngakhale tchimo lake lituluke litasitidwa.

Tsiku lina ndinayendetsa galimoto ndikuyang'ana wotchi. Kuchoka pakhomo panga kufika kwa Hazel ndi mphindi zinayi. Kuchoka kwa Hazel kufika kunyumba ya okalamba ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Unali ulendo wa mphindi khumi, ndipo mayi uja anaudikira masiku khumi ndi asanu atakhala pawindo, ine ndili kalikiliki kukonza chiyanjano.